Ndani amasambitsa wodwala? Mbiri ya odwazika matenda kuno ku Malambo

M'wodi iliyonse ya chipatala kuno kwathu mumapezeka magulu atatu a anthu. Pali ogona pabedi, pali ovala yunifomu, ndiye pali ena amene ayala chitenje pansi m'mbali mwa bedi, kabeseni ndi kapu zili pafupi. Gulu lachitatuli silinalembedwe ntchito, silili pa mndandanda wa malipiro, komanso silinapite kusukulu ya unamwino. Komabe ndi lomwe limasambitsa wodwala, kumudyetsa phala, kumutembenuza usiku, kumuperekeza kuchimbudzi ndi kuchapa zovala zake. Achipatala amawatchula kuti mabedisaida. Makolo athu anali nalo kale dzina lawo: odwazika matenda.

Pa wailesi timalengeza kawirikawiri mauthenga akuti uje wagonekedwa ku Kamoto kapena watumizidwa ku Chipata, abale afike msanga. Tonse timadziwa tanthauzo la mawu akuti afike msanga. Akutanthauza kuti pakufunika munthu wokakhala pambali pa bedi. Kodi zinayamba bwanji kuti ntchito yaikulu chotere ikhale m'manja mwa abale? Nanga a yunifomu aja, aliyense ntchito yake ndi yotani? Mayankho ake ali m'mbiri ya chigwa chathu chino.

Zipatala zisanabwere

Kale m'midzi ya Akunda, kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Kakumbi, kwa Malama, kwa Mnkhanya ndi kwa Msoro, matenda sanali a munthu mmodzi. Munthu akagwa pamphasa, nkhani inali ya mbumba yonse. Popeza ife timatsata mtundu wa kuchikazi, amalume ndiwo ankagamula zopita kwa sing'anga kapena kuyamba tadikira. Sing'anga ankapereka mankhwala n'kubwerera kwawo. Otsala ndi wodwala anali amayi ake, azakhali, achemwali kapena agogo. Iwowa ankasonkha moto, kufunditsa madzi osamba, kuphika phala losalala ndi kugona tcheru kumvetsera kapumidwe kake. Mwamuna wamkulu ankasambitsidwa ndi mkazi wake kapena mwamuna mnzake wa pachibale, ndipo panali malamulo a ulemu onena za amene angaone thupi la mnzake ndi amene sangaone. Mkamwini sakanasambitsa apongozi ake.

Choncho kugawa ntchito pakati pa wopereka mankhwala ndi wosamalira thupi sikunabwere ndi azungu. Tinali nako. Chimene chinasintha pambuyo pake ndi malo ochitira ntchitoyo ndi kutalika kwa ulendo wokafikako.

Kaodzera ndi madokotala oyamba

Madokotala a boma la atsamunda anayamba kuyang'ana kwambiri chigwa cha Luangwa chifukwa cha kaodzera. Mu 1910, akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapima magazi a mzungu wina amene anatenga matendawa m'chigwa chino, ndipo anapeza kachilombo ka mtundu umene unali usanadziwike. Anakapatsa dzina lakuti Trypanosoma rhodesiense, potengera dzina limene dziko lino linali nalo nthawi imeneyo. Mu 1911 ndi 1912, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anachita kafukufuku m'chigwa momwemuno, n'kutsimikiza kuti kashembe wa m'tchire lathu ndiye amafalitsa kachilomboko, komanso kuti nyama zakutchire zimakasunga m'magazi mwawo.

Dzina la chigwa chathu linalowa m'mabuku a zachipatala a dziko lonse, koma wodwala kaodzera m'mudzi sanapindule msanga. Mankhwala odalirika panalibe. Boma linkadalira kuletsa anthu kuyendayenda m'madera a kashembe. Munthu amene matendawa amufika kumutu amawodzera masana, amaiwala kudya, amadziyipitsira pogona. Womudzutsa kuti amwe madzi ndi womupukuta anali mbale wake. Mankhwala a suramin anabwera m'zaka za m'ma 1920, ndipo melarsoprol anabwera mu 1949, koma ameneyu ndi waukali moti mwa odwala 20 alionse olandira, pafupifupi mmodzi ankafa ndi mankhwalawo. Wodwala wotere ankafunika diso la munthu usana ndi usiku.

Mishoni ndi midzi ya odwala

Chithandizo cha tsiku ndi tsiku chinabwera ndi mishoni. Cha m'ma 1910, wansembe wa Anglican, Leonard Kamungu, wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota ku Malawi, anafika kwa Msoro n'kuyambitsa mishoni. Anamwalira komweko mu 1913. Bishopu wake, John Edward Hine, anali dokotala wophunzira bwino asanakhale bishopu. Kumtunda, a mpingo wa Dutch Reformed anali atatsegula Magwero mu 1899, ndipo patapita zaka anatsikira kuno n'kumanga Kamoto, imene lero ili m'manja mwa Reformed Church in Zambia. A Adventist anatsegula Mwami mu 1927, ndipo inatchuka ndi chithandizo cha odwala khate.

Zipatala zoyambirirazi zinali zazing'ono: chipinda chogawira mankhwala, tinyumba tochepa togona odwala, ndi sisita mmodzi kapena awiri ochokera kunja. Sisita mmodzi sakanatha kuphikira, kusambitsa ndi kuchapira anthu onse. Ndalama zolembera antchito ambiri panalibenso. Komanso anthu athu sakanalola kusiya m'bale wawo m'manja mwa alendo osadziwa chilankhulo chake. Ndiye panali kumvana kosalembedwa: mishoni ipereka mankhwala ndi malo, banja libweretsa ufa, nkhuni, mphika ndi manja. Kuseri kwa chipatala kunkabadwa kamudzi ka odwazika, mafuwa ali ponseponse. Mashelita amene timawaona lero pa zipatala zathu ndi zidzukulu za timidzi timeneto.

Amishoni anayambanso kuphunzitsa anyamata a m'deralo kutsuka ndi kumanga zilonda, kubaya jakisoni ndi kuyang'ana magazi pa makina oonera tizilombo. Ankatchedwa madiresa kapena maodale. Ambiri anali amuna, chifukwa makolo sankafuna kuti mwana wamkazi wosakwatiwa azigwira matupi a anthu achilendo, ndiponso atsikana ofika patali ndi sukulu anali ochepa. M'zaka za m'ma 1930 boma linatsegula sukulu ku Lusaka yophunzitsa othandiza madokotala. Mzere umenewu ndi womwe unabala ma clinical officer a masiku ano, amene ambiri aphunzira ku Chainama, ndipo kumudzi timangowatcha adokotala.

Mu 1948 a Anglican anatsegula chipatala chachikulu cha St Francis ku Katete, pafupi ndi msewu waukulu wa Great East Road, motsogozedwa ndi Bambo Francis Trefusis, amene anali wansembe komanso dokotala. Dokotala James Cairns anafika kumeneko mu 1958 ndipo anatumikira zaka pafupifupi 40. Ku Katete kunali sukulu ya anamwino, ndipo atsikana a kuno kum'mawa anayamba kuvala yunifomu yoyera. Koma kwa munthu wa kwa Msoro kapena wa kwa Malama, chipatala chachikulu chinali kumtunda, kuseri kwa mapiri ndi mitsinje. Nthawi ya dzinja Lupande akadzaza, ulendo unkaima. Wodwala ankanyamulidwa pa machira kapena pa njinga, ndipo womudwazika ankasiya munda ndi ana kwa milungu ingapo. Kudwazika kunasanduka ulendo.

Unamwino ukhala ntchito ya malamulo

Kumayiko a azungu nakonso unamwino sunayambe ndi ulemu. Florence Nightingale atapita ku chipatala cha asilikali ku Scutari mu 1854, nkhondo yake yaikulu inali ya sopo, zofunda zoyera, chakudya ndi mpweya wabwino. Sukulu imene anatsegula pa chipatala cha St Thomas ku London mu 1860 inkaphunzitsa kuti kusambitsa ndi kudyetsa wodwala ndiwo maziko a ntchito ya namwino. Maphunziro amene anafika kuno anachokera ku muzu umenewo. Mpaka lero, wophunzira unamwino m'chaka choyamba amaphunzira kuyala bedi, kusambitsa munthu ali chigonere, kutsuka m'kamwa ndi kupereka bedipani asanaphunzire zambiri za mankhwala.

M'nthawi ya atsamunda, maudindo aakulu m'wodi anali a masisita achizungu. Kapelwa Sikota, mayi wa ku Barotseland amene anaphunzira pa chipatala cha McCord ku Durban, ndiye anakhala namwino woyamba wa Chizambia wokhala ndi mapepala athunthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ufulu utabwera anafika pokhala mkulu wa anamwino onse m'dziko. Mu 1970 kunakhazikitsidwa General Nursing Council yoyang'anira maphunziro ndi khalidwe la anamwino ndi azamba, ndipo chaka chomwecho mipingo inapanga bungwe logwirizanitsa zipatala zake, limene lero timalidziwa kuti CHAZ. Boma la UNIP linapereka chithandizo chaulere, linamanga makiliniki m'midzi, ndipo linaphunzitsa anamwino a magulu awiri: olembetsedwa a zaka zitatu ndi ma enrolled a zaka ziwiri. Ma enrolled ndiwo anasenza zipatala zambiri za kumidzi.

Zaka zimenezo panali chiyembekezo chakuti tsiku lina anamwino adzachuluka moti wachibale azidzangobwera nthawi yoona odwala, atanyamula nthochi. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, chiyembekezocho chinayamba kuzilala. Ndalama za boma zinachepa, mankhwala ndi nsalu za pabedi zinasowa, ndipo chakudya cha m'chipatala chinakhala chosakwana. Mphika wa kushelita unayambanso kudaliridwa monga kale.

Zaka za Edzi

Palibe chimene chinasintha wodi ngati Edzi. Odwala oyamba anadziwika m'dziko muno mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa. Pofika zaka za m'ma 1990, mawodi anadzaza ndi anyamata ndi atsikana owonda, otsegula m'mimba, a chifuwa chachikulu ndi zilonda m'kamwa. Ena ankagona pansi pakati pa mabedi. Anamwino nawonso ankadwala ndi kumwalira. Ena anapita kukagwira ntchito ku Botswana, ku South Africa ndi ku Britain. Mu 2006 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pakati pa mayiko 57 osowa kwambiri madokotala, anamwino ndi azamba. M'makiliniki ena a kumidzi, amene ankaona odwala anali wantchito wamba wolembedwa kuti azisesa, amene tinkamutcha CDE, chifukwa wina aliyense panalibe.

Namwino mmodzi akatsala ndi wodi yonse usiku, amayamba ndi zimene wina sangachite: jakisoni, dilipu, mankhwala ndi kulemba mafayilo. Kusambitsa, kudyetsa ndi kutaya zoipa kunapita kwa abale pafupifupi kotheratu. Agogo ambiri a kuno anadwazika ana awo mmodzimmodzi, opanda magolovesi, kenako n'kulera adzukulu. Mu 1987 chipatala cha Salvation Army ku Chikankata chinayambitsa njira yotsatira odwala kunyumba kwawo ndi kuphunzitsa mabanja kasamalidwe kake. Njirayi inafalikira m'dziko lonse kudzera m'mipingo, ndipo kuno tinaona azimayi a home-based care akuyenda mtunda wautali ndi sopo ndi mankhwala m'kachikwama. Apa achipatala anavomereza poyera kuti wodwazika ayenera kuphunzitsidwa.

Pamwamba pa zonsezi panabwera malipiro a kuchipatala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amene anachititsa ambiri kuchedwa kunyumba mpaka matenda atakula. Boma la Levy Mwanawasa linawachotsa m'madera a kumidzi mu April 2006, ndipo ma ARV anali atayamba kuperekedwa mwaulere chaka cham'mbuyo mwake. Mawodi anapumako. Kunabweranso magulu a SMAG olimbikitsa amayi kukachirira kuchipatala, kunabwera ma Community Health Assistant amene gulu lawo loyamba linamaliza maphunziro ku Ndola mu 2012, ndipo mu 2022 boma linalemba antchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi. Msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe uli ndi tala tsopano. Zonsezi ndi zabwino, koma chitenje chija chikadali pansi m'mbali mwa bedi.

Wodi ya lero: ndani amachita chiyani

Mikangano yambiri m'wodi imayamba chifukwa chosadziwa ntchito ya wina ndi mnzake. Dokotala kapena clinical officer ndiye amapima, kutchula matenda, kulemba mankhwala ndi kugamula za kutulutsa wodwala kapena kumutumiza ku chipatala chachikulu. Amayendera wodi m'mawa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yabwino yofunsa mafunso. Sisita in-charge ndiye mwini wodi: amagawa ntchito, amasunga makiyi a mankhwala, ndipo dandaulo lililonse limayambira kwa iye. Namwino amapereka mankhwala pa nthawi yake, amayeza kutentha kwa thupi, BP ndi kapumidwe, amatsuka zilonda, amayang'anira dilipu ndi kathita, ndipo ndiye amazindikira msanga wodwala akayamba kusintha. Mzamba ndi wa amayi oyembekezera ndi makanda. Ophunzira unamwino amagwira ntchito moyang'aniridwa. Ndiye pali okolopa, ochapa nsalu, ophika ndi okankha matirole, amene ambiri timawadutsa osapereka moni. Wokolopa akajomba masiku awiri, tizilombo timayenda kuchoka pa bedi lina kupita pa lina, ndipo mankhwala a dokotala amagwira ntchito pachabe.

Nanga wodwazika? Mwalamulo la ntchito, chisamaliro cha thupi la wodwala ndi udindo wa namwino, ngakhale manja ogwira atakhala a m'bale. Kutanthauza kuti namwino ayenera kuonetsa, kuyang'ana ndi kuthandiza pamene pavuta. Wodwazikanso ali ndi ufulu wofunsa kuti amuonetse. Zofunika kudziwa si zambiri, koma zimapulumutsa moyo. Munthu wosatha kudzitembenuza yekha atembenuzidwe pakatha maola awiri alionse, chifukwa khungu la pa chidendene, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana limayamba kufiira kenako n'kuboola chilonda chovuta kupola. Kutentha kwa kuno mu October kumafulumizitsa zimenezi, choncho nsalu yonyowa ndi thukuta kapena mkodzo isinthidwe msanga, ndipo ikhale yopanda makwinya. Wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Wosadziwa kanthu kapena wotsamwa pomeza asapatsidwe chakudya kapena madzi pakamwa, chifukwa zimalowa m'mapapo. Ngati achipatala anena kuti asadye chifukwa cha opaleshoni, ngakhale kaphala kochepa kangathe kumupha ali kufiyeta. M'kamwa mutsukidwe tsiku ndi tsiku. Manja asambidwe ndi sopo musanamudyetse komanso mukataya zoipa. Dilipu si yoti m'bale aifulumizitse kapena kuitseka. Mankhwala a zitsamba obwera nawo mobisa m'botolo amatha kulimbana ndi a chipatala ndi kuwononga impso kapena chiwindi, ndiye ndi bwino kunena poyera zimene wodwala wamwa kale.

Wodwazika ali ndi chuma china chimene achipatala alibe: amamudziwa wodwalayo. Amadziwa kuti agogo akangoti zii ndiye kuti ululu wakula. Amaona kuti kuyambira dzulo sanakodze. Namwino wanzeru amamvetsera mawu oterewa, ndipo wodwazika wanzeru amanena msanga osaopa kukalipiridwa.

Mtengo umene sitiwerenga

Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo palibe wa ife amene angafune kuti mayi ake asambitsidwe ndi mlendo iye alipo. Koma tisanamizane kuti kudwazika n'kwaulere. Odwazika ambiri ndi akazi. Matenda akagwa mu December kapena January, munda umamera udzu, ndipo njala ya chaka chamawa imayambira pambali pa bedi. Akagwa nthawi yokolola, njovu ndi anyani sizidikira kuti mwini munda abwere kuchipatala. Mtsikana wa pasukulu akatumidwa kukadwazika azakhali kwa mwezi wathunthu, mayeso samudikira. Wodwazika amagona pansi, amalumidwa ndi udzudzu, amapuma mpweya umodzi ndi wa chifuwa chachikulu, ndipo ena amabwerera kumudzi atatenga matenda. Palinso odwala amene alibe aliyense: nkhalamba zopanda ana, alendo odzagwira ntchito m'malodji, ndi ena amene abale anawataya. Iwowa amadalira chifundo cha namwino wotopa kale ndi cha wodwazika wa pa bedi loyandikana nalo.

Nthawi ya Covid-19, kuyambira mu March 2020, zipatala zinachepetsa olowa m'mawodi, ndipo odwala matendawa ankagonekedwa kwaokha popanda m'bale. Mabanja anamva kuwawa kosiya munthu wawo, ndipo anamwino anaona kukula kwa ntchito imene abale ankagwira mwakachetechete. Phunziro limenelo lisatayike.

Zimene mbiriyi ikutipempha

Kwa zaka zoposa 100, chipatala kuno ku Malambo chayenda ndi miyendo iwiri, wa ophunzira ndi wa abale. Mwendo woyamba uli ndi sukulu, malamulo, bungwe ndi malipiro, ngakhale ochepa. Wachiwiri uli ndi chitenje ndi kabeseni. Sitikunena kuti odwazika achotsedwe, ndipo sitikunena kuti boma lileke kulemba anamwino poti abale alipo. Tikunena kuti ntchito imene tonse timaidalira ipatsidwe malo ake.

Zina sizifuna ndalama zambiri. Wodwala akagonekedwa, namwino kapena wophunzira atenge mphindi zochepa kuonetsa wodwazika katembenuzidwe, kadyetsedwe ndi kasambidwe ka m'manja. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, makhansala ndi oyang'anira ndalama za CDF akamakambirana zomanga, akumbukire shelita yokhala ndi madzi, chimbudzi, malo ophikira ndi maneti a udzudzu. Mipingo imene imapita kukapempherera odwala Lamlungu ifunsenso kwa sisita in-charge kuti ndani alibe womudwazika. M'mabanja, amalume akamagamula za wopita kuchipatala, agamulenso za wokalimira munda wake ndi womulandira pakatha sabata. Ndipo ife amuna tileke kuima pakhomo la wodi manja ali m'thumba. Madiresa oyamba a chigwa chino anali amuna, ndipo sanachite manyazi kutsuka chilonda. Bambo akadwala, mwana wake wamwamuna ndiye woyenera kumusambitsa, monga mwa mwambo wathu womwe.

Mukadzamvanso pa wailesi kuti abale afike msanga, musangofunsa kuti wadwala ndani. Mufunsenso kuti akumudwazika ndani, wakhalako masiku angati, ndipo adya chiyani.